Filimu ya The Golden Compass: zomwe zimachitika buku la ana lotsutsa mpingo likalowa m'manja mwa opanga makanema

Mu Disembala 2007 kampani ya New Line Cinema ya ku America inatulutsa filimu yotchedwa The Golden Compass, yomwe kuipanga kwake kunadya madola pafupifupi 180 miliyoni. Filimuyi inachokera m'buku la ana lomwe analemba mlembi wa ku England, a Philip Pullman, ndipo isanayambe n'komwe kuonetsedwa inali itakwiyitsa kale magulu awiri a anthu omwe sagwirizana pa china chilichonse. Bungwe lina la Akatolika ku America linkapempha makolo kuti ainyanyale chifukwa ikukokera ana ku mabuku onyoza Mulungu, pomwe bungwe la anthu ofuna kuti zachipembedzo zisamalowerere m'zochitika za dziko ku Britain linkadandaula kuti opanga filimuyo achita mantha ndi mpingo n'kuchotsamo zonse zomwe zinachititsa kuti bukulo likhale lofunika. Chodabwitsa n'chakuti mbali ziwiri zonsezi zinali ndi mfundo zoona, ndipo kuti timvetse momwe zinatheka kutero tiyenera kuyamba ndi bukulo.

Bukuli linatuluka ku Britain mu 1995 ndi mutu wakuti Northern Lights, ndipo osindikiza a ku America ndiwo analitcha The Golden Compass. Ndi loyamba mwa mabuku atatu otsatizana otchedwa His Dark Materials. Lachiwiri, The Subtle Knife, linatuluka mu 1997 ndipo lachitatu, The Amber Spyglass, mu 2000. Nkhani yake ndi ya mtsikana wotchedwa Lyra Belacqua, yemwe akuleredwa ndi akatswiri a maphunziro pa koleji ina ku Oxford, m'dziko lofanana ndi lathu lino koma losiyana pa chinthu chimodzi chachikulu: mzimu wa munthu aliyense umakhala kunja kwa thupi lake m'maonekedwe a nyama, ndipo umayenda naye ndi kulankhula naye. Nyama imeneyi m'bukumo imatchedwa daemon. Ya mwana imasinthasintha, mphindi ino ili mbalame, mphindi inayo ili mphaka, koma mwanayo akatha msinkhu imakhazikika pa mtundu umodzi mpaka imfa. Ana osauka akuyamba kusowa m'mizinda, mnzake wa Lyra wotchedwa Roger akubedwa nawo, ndipo Lyra akulondola mpaka kumpoto kwenikweni kwa dziko, kumalo otchedwa Bolvangar, komwe akupeza kuti anawo akudulidwa ndi mpeni wa makina kuti alekanitsidwe ndi ma daemon awo.

Amene amalamula kuti ana adulidwe ndi nthambi ya mpingo, ndipo apa ndi pomwe pagona mkangano wonse. M'dziko la Lyra mpingo uli ndi mphamvu pa maboma ndi pa masukulu a ukachenjede. Bukulo limasimba kuti Papa wina dzina lake John Calvin anasamutsira likulu la mpingo ku Geneva, ndipo atamwalira udindo wa Papa unathetsedwa n'kutsala mabungwe ndi makhoti a mpingo opikisana, omwe pamodzi amatchedwa Magisterium. Dzina limeneli a Pullman sanalipeke, chifukwa Mpingo wa Katolika umaligwiritsa ntchito ponena za udindo wa Papa ndi maepiskopi wophunzitsa chikhulupiriro. Mpingo wa m'bukumo umaopa tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa Fumbi, tomwe timayamba kumatirira munthu akangotha msinkhu, ndipo umaphunzitsa kuti Fumbilo ndi umboni wa tchimo la Adamu ndi Hava. Kudula ana ndiye njira yoti asadzakhudzidwe nalo. M'buku lachitatu nkhani imafika patali kuposa apa, poti yemwe mpingo umamupembedza amaululika kuti si mlengi ayi koma mngelo woyamba amene ananamiza anzake, ndipo amafa ali nkhalamba yotheratu mphamvu. A Pullman, omwe agogo awo aamuna anali wansembe wa Anglican, sanabise cholinga chawo: mu 2001 anauza nyuzipepala ya Washington Post kuti akuyesa kugwedeza maziko a chikhulupiriro chachikhristu, ndipo mu 2003 anauza ya Sydney Morning Herald kuti mabuku awo ndi onena za kupha Mulungu.

Ngakhale zinali choncho, kwa zaka zingapo mabukuwa sanautse mapiri pachigwa. Loyamba linalandira mphotho ya Carnegie Medal, yomwe ndi yapamwamba pa mabuku a ana ku Britain, ndipo lachitatu linakhala buku la ana loyamba kupambana mphotho ya Whitbread ya buku la chaka, ya 2001. Panthawiyo omwe ankadandaula za ufiti m'mabuku a ana maso awo anali pa Harry Potter. Buku limawerengedwa ndi munthu mmodzi mwakachetechete, ndipo kulisindikiza sikufuna ndalama zambiri, kotero ngakhale litakhumudwitsa theka la anthu, theka linalo ndi lokwanira kuti osindikiza apeze phindu.

Filimu yamtundu uwu siyendera masamu amenewa. New Line inagula ufulu wopanga mafilimu kuchokera m'mabukuwa mu 2002, pomwe inali pakati pa kukolola chuma chadzaoneni kuchokera ku mafilimu atatu a The Lord of the Rings, ndipo inkafuna nthano ina ya magawo atatu yoti idzalowe m'malo mwake. Koma nthano ya Lyra ndi yodula kuijambula. Munthu aliyense woonekera pa kanema ayenera kukhala ndi nyama pambali pake, ndipo zambiri mwa nyamazo ziyenera kupangidwa pa kompyuta, kuphatikizapo zimbalangondo zoyera zovala zida zankhondo zachitsulo, mfiti zouluka ndi mizinda yomwe kulibe padziko lapansi. Pa ndalama zopangira pamawonjezeredwa zina zambiri zotsatsira malonda, ndiponso eni nyumba zoonetsera mafilimu amatsala ndi pafupifupi theka la ndalama za matikiti. Filimu yodya madola 180 miliyoni iyenera kuonedwa ndi mabanja ochuluka zedi kuti ingobweza zomwe zinalowa, ndipo ku America ambiri mwa mabanja amenewo ndi opemphera. Akuluakulu a makampani anali ataona kale mphamvu ya anthu opempherawa: filimu ya The Passion of the Christ inapanga ndalama zochuluka mu 2004, ndipo mu 2005 filimu yoyamba ya Narnia, yochokera m'buku la mlembi wachikhristu C. S. Lewis, inatsatsidwa kudzera m'mipingo n'kupeza madola opitirira 700 miliyoni padziko lonse. A Pullman amadziwika kuti amadana nawo kwambiri mabuku a Narnia, komabe filimu ya buku lawo inkayembekezera kudzaza mipando ndi mabanja omwewo, m'mwezi womwewo wa Khirisimasi.

Ntchito yolemba ndi kutsogolera filimuyi inadutsa m'manja mwa anthu angapo. Woyamba kulemba sewero lake anali a Tom Stoppard, mlembi wotchuka wa zisudzo ku Britain, koma zomwe analemba sizinagwiritsidwe ntchito. Kenako anabwera a Chris Weitz, omwe ankadziwika ndi mafilimu anthabwala monga About a Boy ndipo anali asanapangepo filimu yaikulu chotere. Iwo analemba sewero lawolawo, n'kutula pansi udindo wotsogolera kumapeto kwa 2004 ponena kuti ntchitoyo yawakulira pa zaluso. A Anand Tucker analowa m'malo mwawo mu 2005 koma anachoka mu 2006 atasemphana maganizo ndi kampani, ndipo a Weitz anabwerera. Asanachoke koyamba kuja, a Weitz anali atauza kale okonda mabukuwa pa intaneti kuti New Line ikuda nkhawa ndi mbali yotsutsa chipembedzo, ndipo kuti filimuyo idzalankhula za ulamuliro wopondereza mwachisawawa osati za mpingo mwachindunji.

Zomwe zinatuluka zinatsatira lonjezo limenelo. Dzina lakuti Magisterium linatsala, koma mawu akuti mpingo ndi Mulungu sanamvekemo, ndipo bungwelo linaoneka ngati boma lankhanza la akuluakulu ovala mikanjo omwe amafuna kulamulira maganizo a anthu popanda kutiuza chomwe amakhulupirira. M'buku, zida za chimbalangondo Iorek Byrnison zinabisidwa m'nyumba ya wansembe. Mu filimu zili mu ofesi ya Magisterium. Za tchimo loyamba zinangotsala m'mawu ochepa a Mayi Coulter, mtsogoleri wa gulu lomwe likuba ana lija, omwe amauza Lyra kuti kalekale makolo ena sanamvere Wolamulira, lomwe ndi dzina la yemwe mpingo wa m'nkhaniyi umamupembedza. Kusintha kwina komwe ambiri sakuona n'kwa m'chithunzi choyambirira. M'buku, yemwe amathira chiphe mu vinyo wa Lord Asriel, omwe Lyra amawadziwa ngati m'bale wa bambo ake, ndi mkulu wa koleji ya Jordan komwe Lyra akuleredwa, munthu wachifundo amene amakonda Lyra ndipo akuchita zimenezi pofuna kupewa tsoka lalikulu lomwe akuliona likubwera. Mu filimu chiphecho chimathiridwa ndi nthumwi ya Magisterium. Kusinthaku kukuoneka kwakung'ono, koma kunachotsa phunziro loyamba lomwe bukulo limapatsa mwana wowerenga, lakuti munthu wabwino atha kuchita choipa pa zifukwa zomveka, n'kuikapo dziko losavuta lomwe oipa amadziwika ndi zovala zawo.

Palinso chithunzi cha mwana wodulidwa. M'buku Lyra amafika m'mudzi wina wa kumpoto usiku, n'kulowa m'kanyumba koumitsiramo nsomba, momwe amapeza kamnyamata kotchedwa Tony Makarios kali kokhakokha, kopanda daemon, katakumbatira pachifuwa chidutswa cha nsomba youma ngati kuti ndiyo nyama yake, kakufunsa komwe kuli Ratter wake. Anthu a m'mudzimo amakaopa ngati mzukwa. Kamnyamatako kamamwalira pasanapite nthawi yaitali, ndipo Lyra akapeza kuti wina wachotsa nsomba ija m'manja mwa mtembo n'kuponyera agalu, amakalipira amuna akuluakulu mopanda mantha. Apa ndi pomwe wowerenga amamvetsa mu mtima mwake kuti kudula kuja n'chiyani. Opanga filimu anaphatikiza Tony ndi mwana wina, Billy Costa, yemwe amapezeka atadulidwa koma n'kubwezedwa kwa amayi ake ali moyo, ndipo nkhani imapitirira msangamsanga.

Koma chilonda chachikulu chinali kumapeto. Mitu itatu yomaliza ya bukuli ndiyo imamasulira zonse zomwe zadutsa. Lyra amafika kwa Lord Asriel, omwe wadziwa tsopano kuti ndi bambo ake omubereka, akukhulupirira kuti wawabweretsera chipangizo chagolide chonena zoona chomwe amachifuna. Bambowo amatsegula Baibulo la m'dziko lawo n'kumuwerengera mutu wachitatu wa Genesis, ndi kumuonetsa kuti dzina la Fumbi linachokera pa mawu omwe Mulungu anauza Adamu, akuti ndiwe fumbi ndipo kufumbiko udzabwerera. Usiku womwewo amatenga Roger, mwana uja Lyra anayenda ulendo wonse kuti amupulumutse, n'kumudula kwa daemon wake pofuna mphamvu yotsegulira njira yopita ku dziko lina. Roger amafa. Lyra amazindikira kuti chomwe bambo ake ankafuna chinali mwana, ndipo kuti iye mwini ndiye wamubweretsa. Pamenepo amaganiza kuti ngati akuluakulu onse omwe awona akuchita zoipa, a mpingo ndi otsutsa mpingo omwe, akunena kuti Fumbi ndi loipa, mwina Fumbilo ndi labwino, ndipo amawoloka kukalifunafuna.

Zithunzi zimenezi zinajambulidwa, ndipo zidutswa zake zinaonekera m'makanema otsatsira malonda, koma miyezi yochepa filimu isanatuluke zinachotsedwa ndi cholinga choti zidzakhale chiyambi cha filimu yachiwiri. Filimu ya mphindi 113 imathera m'mwamba, Lyra ndi Roger ali m'chombo chouluka akupita kwa Lord Asriel ali ndi chiyembekezo. Pofuna kuti pakhale nkhondo yaikulu yotsekera, ndondomeko ya nkhani inatembenuzidwanso: ndewu ya zimbalangondo ku Svalbard, yomwe m'buku imabwera Lyra atachoka ku Bolvangar, inaikidwa patsogolo. Poyambirira penipeni anawonjezerapo mawu a wofotokozera omwe amaulula m'mphindi ziwiri zinsinsi za Fumbi ndi za maiko ambiri, zomwe bukulo limaulula pang'onopang'ono. Kuchotsa mathero kunathetsa mavuto awiri nthawi imodzi, la imfa ya mwana mu filimu ya Khirisimasi ndi la kuwerenga Genesis poyera, koma kunasiyanso nkhani yopanda chifukwa. M'buku otsutsa mpingo nawonso amapha mwana pofuna zolinga zawo, ndipo chimenechi ndicho chimalepheretsa bukulo kukhala ulaliki wa mbali imodzi. Filimu inachotsa dzina la mpingo n'kuchotsanso mlandu wa adani a mpingo, kotero m'njira ina inakhala yokondera kuposa buku lomwe inkayesa kulifewetsa.

Zonsezi sizinatonthoze otsutsa. Mu Okutobala 2007 bungwe la Catholic League, lomwe mtsogoleri wake ndi a Bill Donohue, linalengeza zonyanyala filimuyo ndipo linasindikiza kabuku kofotokoza zifukwa zake. Mfundo yawo inali yochenjera. Sankanena kuti filimuyo payokha ndi yoopsa. Ankanena kuti yafewetsedwa dala kuti ikhale nyambo, makolo aione kuti ilibe vuto n'kugulira ana awo mabuku atatu aja ngati mphatso za Khirisimasi. Pa mfundo yotere palibe chomwe New Line ikadadula kuti ipulumuke, chifukwa kudula kulikonse kunkangotsimikizira zomwe a Donohue ankanena. Nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, inadzudzula filimuyo mwezi womwe inatuluka. Ku Canada, bungwe loyendetsa masukulu a Katolika m'dera la Halton ku Ontario linachotsa mabukuwo m'malaibulale ake, ndipo bungwe la American Library Association linaika bukuli pa mndandanda wa mabuku omwe anthu anadandaula nawo kwambiri mu 2007.

Akhristu sanalankhule ndi mawu amodzi. Ofesi yowunika mafilimu ya bungwe la maepiskopi a Katolika ku America inalemba ndemanga yoyamikira filimuyo, ngakhale kuti ndemangayo inachotsedwa patangopita masiku ochepa anthu atadandaula. A Nicole Kidman, omwe anasewera ngati Mayi Coulter, ananena kuti anakulira m'banja la Katolika ndipo sakadavomera kutenga nawo mbali akadaona kuti filimuyo ikunyoza mpingo wawo. Zaka zitatu m'mbuyomo a Rowan Williams, omwe panthawiyo anali Arkiepiskopi wa Canterbury, anali atakambirana pagulu ndi a Pullman ku National Theatre mu London, ndipo maganizo awo anali akuti zomwe mabukuwa amatsutsa ndi chipembedzo chomwe chasanduka chida chopondereza anthu, ndiponso kuti ndi oyenera kukambidwa m'makalasi a maphunziro a zachipembedzo. Kumbali inayo bungwe la National Secular Society, lomwe a Pullman ndi mmodzi mwa mamembala ake olemekezeka, linati opanga filimu achotsa mtima weniweni wa nkhaniyo.

Ku America ndi Canada filimuyo inapeza madola pafupifupi 70 miliyoni okha. M'maiko ena inachita bwino kwambiri, moti zonse pamodzi zinafika pa madola 372 miliyoni, ndipo inapambana mphotho ya Oscar pa luso la zithunzi zopanga pa kompyuta. Wina angafunse chifukwa chomwe filimu yopeza kawiri ndalama zomwe inadya imatchedwa yolephera. Yankho lili m'njira yomwe New Line inkapezera ndalama zopangira mafilimu ake: inkagulitsiratu ufulu woonetsa filimu m'maiko akunja kwa makampani a kumeneko filimuyo isanathe. Njira imeneyi imachepetsa chiopsezo, koma imatanthauzanso kuti filimu ikachita bwino kunja phindu lalikulu limapita kwa ogulawo, ndipo kampani imadalira msika wa kwawo, womwe ndi womwewo unakana. Mu Febuluwale 2008 kampani ya Time Warner, yomwe inali mwini wa New Line, inalengeza kuti New Line ilowetsedwa mu Warner Bros., ndipo atsogoleri a New Line, a Bob Shaye ndi a Michael Lynne, anachoka. Filimu yachiwiri sinapangidwe, ndipo mathero aja anajambulidwa sanatulutsidwe ngati gawo la filimu iliyonse.

A Sam Elliott, omwe anasewera ngati Lee Scoresby, ananena mu 2009 kuti Mpingo wa Katolika ndiwo unaopseza kampani mpaka kusiya magawo otsatira. Nkovuta kukana kuti kunyanyala kunachotsa mabanja ena, makamaka poona kusiyana kwa msika wa America ndi wa maiko ena. Komabe m'kuona kwanga kuloza chala otsutsa okha n'kupeputsa nkhani. Filimu ya The Da Vinci Code inatsutsidwa ndi atsogoleri a mpingo mwamphamvu kuposa apa mu 2006 koma inapanga ndalama zambiri, ku America komwe. Owunika mafilimu ambiri omwe analibe nazo ntchito zachipembedzo anadandaula kuti The Golden Compass ndi yothamanga, yodzaza ndi mafotokozedwe ndipo imatha ngati yadukizidwa, ndipo zonsezi ndi zotsatira za zisankho zomwe zinapangidwa m'chipinda cholumikizira zithunzi. A Weitz eni ake pambuyo pake ananena poyera kuti filimu yomwe inatuluka si yomwe ankafuna, ndipo kuti palibe china pa ntchito yawo chomwe amanong'oneza nacho bondo kuposa chimenechi.

Umboni wina ukuchokera ku njira zina zomwe nkhani yomweyi inaonetsedwera. National Theatre inaika mabuku onse atatu pa siteji kuyambira mu Disembala 2003, m'magawo awiri a maola pafupifupi atatu lililonse, ma daemon ali zidole zoyendetsedwa ndi anthu ovala zakuda, ndipo mpingo unatchulidwa kuti mpingo. Mipando inkadzaza, chifukwa nyumba ya zisudzo ya mu London imangofuna anthu okwana kudzaza holo imodzi usiku uliwonse, osati mabanja a dziko lonse la America. Kenako mu 2019 BBC ndi HBO zinayamba kuonetsa His Dark Materials pa wailesi ya kanema, yopangidwa ndi kampani ya Bad Wolf ku Cardiff, yolembedwa ndi a Jack Thorne, Dafne Keen akusewera ngati Lyra ndipo a Ruth Wilson ngati Mayi Coulter. Buku loyamba, lomwe filimu inalipanikiza m'maola osakwana awiri, linapatsidwa magawo asanu ndi atatu a pafupifupi ola limodzi lililonse. Atsogoleri a Magisterium anaoneka ngati ansembe, Roger anafa m'gawo lomaliza monga momwe zilili m'buku, ndipo pofika mu 2022 nkhani inafika mpaka pa imfa ya Wolamulira m'magawo 23 onse pamodzi, popanda kunyanyala kofanana ndi kwa 2007. Wailesi ya kanema yomwe ndalama zake zimachokera kwa olembetsa mwezi ndi mwezi kapena ku msonkho wa laisensi siidalira kuti mabanja onse atuluke m'nyumba pa sabata imodzi ya Disembala, kotero ikhoza kupirira ena akakwiya. Mmodzi mwa omwe anapanga nawo magawo amenewa anali New Line Cinema yomwe ija, yomwe inali ikadali ndi ufulu wa mabukuwo pansi pa Warner Bros.